Ndalama Yobwererera

M'kope langa lakale la phunziro la kapangidwe ka mawu muli tsamba limodzi lomwe silikamba za tsinde la mneni kapena mphatikiram'mbuyo. Patsambali pali manambala okhaokha, ena ofufutidwa, ena olembedwa pamwamba pa anzawo. Iyi ndi bajeti ya ulendo wanga woyamba wotuluka m'dziko muno, womwe ndidayenda mu Disembala 2023 ndili m'chaka chachiwiri ku Zomba. M'chimangirizo chino ndifotokoza momwe bajetiyi idagwedezekera, komanso za mzere umodzi womwe udatsala osafufutidwa.

Ulendowu udali wa ku Joni. Achimwene anga adapita kumeneko mu 2017 ndipo chipitireni adali asadapondenso kwathu ku Ntcheu. Adakwatira komweko mkazi wa ku Dedza, ndipo mu 2023 Mulungu adawadalitsa ndi mwana wamkazi. Amayi sakadatha kupirira ulendo wautali chifukwa cha miyendo, choncho adati ndikaone mdzukulu wawo m'malo mwawo. Inenso ndidali ndi changa chamumtima. Anzanga ankati ku Joni malaputopu ogwiritsidwapo kale ntchito ndi otsika mtengo, ndipo ine ndidali nditatopa ndi kudikira kuti mwini kompyuta agone kuti ndiyambe kulemba ntchito yanga.

Ndalama ndidasonkhanitsa kwa chaka chathunthu. Patchuthi ndinkaphunzitsa ana a Fomu 2 Chingerezi, ndipo Loweruka ndinkathandiza amalume kugulitsa mbatatesi pa Lizulu. Mwanjira imeneyi ndidapeza K350,000. Amayi adagulitsa mbuzi n'kundipatsa K150,000, amalume adaonjezapo K100,000. Zonse pamodzi zidakwana K600,000, ndalama yomwe ndidali ndisadaigwirepo chibadwire.

Mu Okutobala ndidakhala pansi n'kuyamba kugawa. Pasipoti, yomwe nthawi imeneyo idali K90,000, pamodzi ndi zithunzi ndi zina zing'onozing'ono idali itadya kale K100,000. Tikiti yopita ndidaiyika pa K110,000 malinga ndi zomwe ndidafunsa ku ofesi ya mabasi. Zotsalazo ndidati ndizisinthe kukhala marandi 6,000: R3,500 ya laputopu, R1,400 ya tikiti yobwererera, R1,100 ya chakudya ndi mphatso. Mtengo wosinthira ndidautenga m'nyuzipepala, pafupifupi K64 pa randi imodzi. Masamu adatheka bwinobwino, mpaka padatsala K6,000. Ndidadziona ngati katswiri wa zachuma. Sindidadziwe kuti bajeti yokwana ndendende chonchi ili ngati nyumba yomangidwa m'mphepete mwa mtsinje nthawi yachilimwe.

Kumayambiriro kwa Novembala 2023, Banki Yaikulu idalengeza kuti mphamvu ya kwacha yatsitsidwa ndi 44 peresenti. Dola imodzi ya ku America, yomwe idali pa K1,180, idafika pa K1,700. Nkhaniyi ndidaimvera pa wailesi ya mnzanga m'chipinda chogona, ndipo poyamba ndidaitenga ngati ya anthu amabizinesi. Nditatsegula kope langa m'pamene thukuta lidayamba kutuluka. Palibe amene adandibera ngakhale tambala imodzi, ndalama zanga zidali zonse, koma marandi 6,000 aja adali atasungunuka ndili m'tulo. Akulu adati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Marandi anga adali fodya wapachala, chifukwa ndidangowalemba osawagula.

Kunena zoona, ngakhale kwacha ikadapanda kugwa, masamu anga adali olakwika kale. Mtengo wa m'nyuzipepala udali wa papepala chabe, popeza chaka chimenecho ndalama zakunja zinkasowa kwambiri m'dziko muno ndipo munthu ankatha kuzungulira tauni yonse osapeza ndi randi imodzi yomwe. Pamapeto pake adandithandiza ndi mayi wina wa kwathu amene amakaoda katundu ku Joni, pa mtengo wa K105. Tikiti nayo idakwera kufika K150,000. Nditachotsa yoyendera kupita ku Blantyre ndi yolipirira katundu, ndidasintha K336,000 n'kulandira R3,200. Laputopu idafera pomwepo, ngakhale kuti mtima udakana kuvomereza. Ndinkadzinamiza kuti achimwene akaonjezerapo.

Usiku woti mawa ndinyamuka, ndidakatsanzika kwa agogo anga aamuna. Iwo adagwirapo ntchito m'migodi ya ku Joni kudzera ku Wenela, bungwe lomwe dzina lake lidatsalira pa malo okwerera mabasi mu Blantyre. Adabwerako mu 1974, chaka chomwe ndege yonyamula anthu a m'migodi idagwa ku Francistown m'dziko la Botswana n'kupha Amalawi oposa 70, ndipo Dr Kamuzu Banda adaletsa kulemba anthu ntchito za kumigodiko. Ndidawaonetsa kope langa monyadira. Iwo adaliyang'ana pang'ono n'kundifunsa kuti, "Yobwererera ili pati?" Ndidawalozera mzere wachitatu.

"Waiyika pakati ngati ndiwo," adatero agogo. "Imeneyo ndiye nsima. Ife a Wenela ankatitenga ndi kutibweza, ndipo gawo lina la malipiro tinkadzalandirira kuno kumudzi. Koma amene ankapita paokha, ambiri ndi aja mumawatcha matchona. Usaganize kuti onse adakana kwawo. Ena adangodya yobwererera, n'kumati ndipeza mwezi wamawa."

Amayi, omwe ankamvetsera ali pakhomo, sadayankhule kanthu. Adatenga R1,400, kuikulunga m'kapepala ka pulasitiki, n'kuisokerera m'chiuno mwa buluku lomwe ndinkayenera kuvala. Ndidaseka kuti zimenezi ndi zachikale. Iwo adadula ulusi ndi mano n'kunena kuti, "Mwananga, iyi si yako. Ndi yanga, ndakusungitsa."

Ulendo wa pa basi kuchoka ku Blantyre umadutsa maiko anayi. Tidatulukira pa Mwanza n'kulowa Mozambique pa Zobue, tidaoloka Zambezi pa Tete, ndipo tidalowa Zimbabwe pa Nyamapanda. Kuchokera apo tidadzera ku Harare ndi Masvingo mpaka pa Beitbridge, pomwe mtsinje wa Limpopo umalekanitsa Zimbabwe ndi South Africa. M'bajeti yanga mtunda wonsewu udalibe mzere wake, ngati kuti munthu akakhala m'basi sadya, samwa ndiponso sapita kuchimbudzi. Nkhuku yokazinga ndi mbatata zomwe amayi adandiikira zidatha tisadafike ku Harare, chifukwa sindikadatha kudya ndekha mnzanga wa pampando akuyang'ana. Ku Tete kudatentha moti madzi anga adatha dzuwa lisadapendeke. Ku Zimbabwe pafupifupi chilichonse ankachitchula m'madola, ndipo ukapereka marandi wogulitsa ndiye ankasankha mtengo wosinthira, chenji n'kukupatsa masiwiti. Pa Beitbridge tidakhala maola ambiri pamzere, njala n'kuyambiranso. Pofika pa Park Station mu Johannesburg, R280 idali itapita popanda chooneka chomwe ndidagula.

Katundu naye adali ndi nkhani yake. Anthu a m'mudzi atamva kuti ndikupita ku Joni, aliyense adakumbukira m'bale wake. Uyu kathumba ka mpunga, uyu ufa woyera, uyu usipa. Palibe ndi mmodzi yemwe adafunsa kuti katunduyo alipiridwa bwanji, ndipo ine ndidachita manyazi kutchula. Manyazi amenewa ndidawalipira kawiri: pokweza katundu ku Blantyre, ndiponso ku Joni pokwera matekisi kukapereka timaphukusi kwa eni ake. Kuphatikiza ndi simukhadi ya kumeneko, R220 ina idatha.

Achimwene ankakhala ku Cosmo City, m'chipinda chimodzi cha kuseri kwa nyumba ya munthu. Pa zithunzi zomwe ankatitumizira pa WhatsApp ankaima pafupi ndi nyumba zikuluzikulu, ndipo ndidazindikira tsopano kuti zidali nyumba zomwe ankamanga nawo. Adali wothandiza amisiri omanga, wolipidwa pa tsiku lomwe wagwira ntchito. Chomwe sindinkadziwa ndi chakuti ku South Africa ntchito zomangamanga zimaima kuyambira pakati pa Disembala mpaka mu Januwale. Ndidafika m'nyumba momwe ndalama idali itasiya kulowa, ndipo ine ndidali pakamwa pena poonjezera. Za laputopu sindidazitchule n'komwe. Ndidayamba kugula buledi, mafuta ophikira ndi matewera a mwana, mpaka R1,300 yomwe ndidali nayo idatsika kufika pa R1,000.

Pa 29 Disembala usiku, achimwene adandiitanira panja. Adati lendi ya R1,800 ikufunika pa 1 Januwale ndipo m'thumba mwawo mulibe kanthu. Ndidatulutsa R1,000 ija n'kuwapatsa yonse. Adaiwerenga, kenaka adati, "Mphwanga, ndikudziwa kuti amayi sangakutumize wopanda yobwererera. Ndibwereke R800 yokha. Ntchito ikayamba pakati pa Januwale ndikubwezera, ndipo ndidzakukweza basi ndine."

Usiku umenewo sindidagone. Amenewa ndi achimwene omwe adandilipirira fizi ya Fomu 3 ndi Fomu 4 ndi ndalama ya thukuta lomwelo la pa simenti. Chibale ndi fupa, sichiola, ndipo mwana wawo wakhanda adali atagona pafupi ndi mapazi anga. Komabe masiku sankalola. Mmalawi wolowa mu South Africa ngati mlendo amaloledwa kukhala masiku osapitirira 30, ndipo chidindo cha m'pasipoti yanga chinkatha ntchito ya achimwene isadayambe n'komwe. Malinga ndi malamulo omwe adayamba kugwira ntchito mu 2014, wopitiriza masiku amaletsedwa kulowanso m'dzikolo kwa chaka kapena kuposerapo. Kusukulu nako maphunziro ankayamba sabata yachiwiri ya Januwale. Ndidaona bwinobwino momwe zikadayendera: malipiro oyamba akadapita ku ngongole ya kugolosale, achiwiri ku lendi ya Febuluwale, ndipo ine ndikadayamba kufunafuna ganyu kuti ndipeze yobwererera. Mawu a agogo aja adasanduka munthu, ndipo munthuyo adali ine.

M'mawa kutacha ndidakwera tekisi ndi tindalama tachitsulo tomwe tidatsala m'thumba, kupita ku Park Station. Ndidalowa m'chimbudzi, kumasula ulusi wa amayi, n'kukagula tikiti ya pa 4 Januwale. Idali R1,300. Ndidachita izi mofulumira chifukwa ndinkadzidziwa: ndalama ikadakhalabe m'chiuno mwanga tsiku lina limodzi, ndikadaipereka. Tikiti yolembedwa dzina langa sakadaibwereka munthu.

Nditabwerera ndidawaonetsa achimwene tikitiyo. Adaiyang'ana, kundibwezera, n'kutuluka osanena kanthu. Kwa masiku awiri sadandiyankhule, ndipo nsima inkandikakamira pakhosi. Alamu ndiwo adakonza zinthu. Adapita kwa mwini nyumba ndi R1,000 ija, adaonjezapo R300 yomwe adapeza poluka anthu tsitsi la Chaka Chatsopano, n'kupempha kuti yotsalayo adzapereke ntchito ikayamba. Mwini nyumba adadandaula koma adalola. Madzulo ake alamu adandiuza motsitsa mawu kuti, "Alamu, musadziimbe mlandu. Achimwene anuwa sakwiyira inu ayi."

Tanthauzo la mawu amenewa ndidalimva pa tsiku lonyamuka. Achimwene adandinyamulira chikwama mpaka pa basi. Nditatsala pang'ono kukwera adandigwira paphewa n'kunena kuti, "Ine pobwera kuno ndidali nayo yobwererera. Ndidagulira nsapato zogwirira ntchito sabata yoyamba." Adakhala chete pang'ono, kenaka adati, "Ukawauze amayi kuti mwana akukula bwino. Zinazo usakanene."

Ndidafika kwathu ndi bulangete limodzi lomwe alamu adatumizira amayi, zithunzi za mwana m'foni, ndi R20 m'thumba. Anzanga kusukulu adandiseka kuti ndidapita ku Joni kukaona misewu. Sindidawatsutse.

Kwa mnzanga amene akukonzekera ulendo wake woyamba, zomwe ndidaphunzira ndi izi. Bajeti ya ulendo wakunja iwerengedwe m'ndalama ya komwe ukupitako, pa mtengo womwe ungaipezeredi, ndipo ndalamayo isatengedwe ngati yako usadaigwire m'manja. Njira nayo imadya, choncho ipatsidwe mzere wake, pamodzi ndi mzere wina wa zosayembekezeka. Amene akukulandira umufunse mosabisa za momwe zinthu zilili kwawoko, chifukwa zithunzi sizionetsa lendi. Koma koposa zonse, yobwererera ilembedwe poyamba, ndipo ngati n'kotheka isanduke tikiti usadanyamuke, pakuti amene adzakupemphe ndalamayo sadzakhala wakuba koma munthu amene umamukonda, ndipo chifukwa chake chidzakhala chomveka.

Mpaka lero sindinena motsimikiza kuti ndidachita bwino kwa achimwene. R800 idali yochepa poyerekeza ndi zomwe adandichitira, ndipo ngongole imeneyo ndikadali nayo mumtima. Amayi atandiona ndikutsika minibasi, sadafunse za laputopu kapena za mphatso. Adayang'ana m'chiuno mwa buluku langa, pomwe padali ulusi womasuka, n'kunena kuti, "Wabwera nayo ndalama yanga." Kenaka adafunsa kuti mwana wawo winayo abwera liti, ndipo funso limenelo ndidalephera kuliyankha.