Nyumba ya Malemu Bambo ku Nyanja

Nkhani imene ndikulembayi ndi ya pabanja pathu, ndipo ndisanaitumize kwa akonzi a magazini ino ndinayamba ndapempha chilolezo kwa amayi ndi abale anga onse. Amayi anangoti, "Lemba, koma usabise mbali yako." Mbali yangayo ndi imene yandichedwetsa kugwira cholembera.

Malemu bambo, Allah awakhululukire, anali telala. Paunyamata wawo anapitako ku Joni pa TEBA, ndipo ulendo umenewu utatsekedwa mu 1988 anabwerako ndi makina osokera a Singer nakhazikika pa khonde la sitolo ina ku Limbe. Pa khonde limenelo ndi pamene panachokera fizi yathu, ndiponso njerwa ndi malata a nyumba imene anamanga mu 1996 kumudzi kwawo, m'mphepete mwa nyanja, cha ku msewu wochoka pa boma la Mangochi kulowera ku Monkey Bay. Ndi nyumba ya zipinda zitatu, khonde loyang'ana kum'mawa ndi mtengo wa mango kuseri. Sitinakhalemo chaka chathunthu ndi kale lonse. Inali nyumba ya holide ndi ya Eid. Sukulu ikangotsekera tinali kukwera basi ku Limbe, kudutsa Zomba, Liwonde ndi Ulongwe, ife ana tikulimbirana windo kuti tione woyamba kupenya migwalangwa. Pa khonde la nyumba imeneyi ndi pamene bambo anandiphunzitsa alifu ndi bee tikatha kuswali Fajr, asodzi akukocheza ndi usipa pa dooko lakumunsi. Masiku amenewo chambo chinali chisanasanduke ndiwo za anthu a ndalama okha.

Bambo anatisiya mu 2020. Ngongole zawo zinali zochepa ndipo tinazibweza, wasiya sanasiye, ndipo makina osokera ndi kandalama ka ku banki tinagawana mwezi usanathe. Nyumba yokha tinati idikire kaye, mitima ikhale pansi. Amene ananena mawu akuti idikire kaye ndi ine.

Tsono inu amene munaphunzirako miraathi onani m'mene chuma chathu chinalili chosavuta kugawa. Bambo anasiya mkazi mmodzi, ana aamuna awiri ndi ana aakazi atatu, makolo awo anali atatsogola kale. Malinga ndi Surat An-Nisaa, ndime ya 11 ndi ya 12, mkazi wamasiye amene mwamuna wake wasiya ana amatenga gawo limodzi mwa magawo 8, ndipo zotsalazo mwana wamwamuna amalandira kawiri pa chimene walandira mwana wamkazi. Magawo 7 otsalawo amatha ndendende: achimwene awiri, ine awiri, alongo anga atatu limodzilimodzi. Palibe chotsalira, palibe chovuta. Ku koleji funso lotere linali la chaka choyamba, ndipo ine ndakhala ndikulemba chitsanzo chomwechi pa bolodi kwa ana a ku madrasa, osawauza kuti ndi cha kwathu.

Pakati pa chaka cha 2023 kunabwera bambo wina wa galimoto yabwino kuchokera ku Lilongwe. Anazungulira malowo, napondaponda mchenga, koma m'nyumba sanalowemo n'komwe. Anatchula K32 miliyoni. Ndiye kuti gawo lililonse K4 miliyoni. Achimwene, amene amakhala ku Johannesburg, anaimba foni usiku womwewo. "Mng'ono wanga, nyumba imeneyi tikuitumikira ife, osati iyo kutitumikira. Mlonda ndimalipira ine. Malata adyeka, chiswe chamaliza mafelemu, m'denga muli mileme. Pa chaka timagonamo masiku angati?" Ndinawerenga chamumtima ndipo sanakwane 14.

Ndinakana. Ndipo pokhala munthu wopita ku sukulu ya dini, sindinakane ngati mwana wolira nyumba ya bambo ake, ndinakana ndi mabuku. Ndinati wogulayo akufuna kumanga malo ogona alendo, ndipo pa malo otere sipalephera kukhala bala. Ma ulama a mazihabu ya Imam Shafi'i, amene ambiri a ife kunyanja kuno timatsatira, amaletsa kugulitsa mphesa kwa munthu amene ukudziwa kuti akafululira mowa, ngakhale kuti malondawo akachitika amakhala kuti achitika. Ndinatchulanso za waqf, m'mene Sayyidina Umar anachitira ndi munda wake wa ku Khaybar pa uphungu wa Mtumiki (madalitso ndi mtendere zikhale pa iye), kuti mundawo usagulitsidwe kapena kugawidwa koma zipatso zake zizipita ku sadaka. Ndinati nyumbayi ingakhale madrasa ya ana a asodzi, bambo n'kumalandira thawabu ali m'manda. Abale anga anangokhala chete. Ndani angatsutsane ndi mwalimu pa nkhani ya dini?

Zonse ndinanenazo ndi zoona, ndipo lero lomwe sindingachotsepo liwu. Koma pali zina zoona zimene ndinazidziwa bwino n'kuzisiya m'thumba. Sindinafunse wogulayo ngati adzagulitsadi mowa, ndinangoganiza, ndipo kuganizira ndi kudziwa zili ndi malamulo osiyana. Munthu amaika waqf chinthu chake, ndipo changa m'nyumbamo chinali magawo awiri okha mwa 8. Choposa zonse, gawo la mlowam'malo limakhala lake kuyambira tsiku limene mwini chuma wamwalira, ndipo akalifuna palibe mbale amene ali ndi ufulu womuuza kuti adikire mitima ikhale pansi kwa zaka zitatu.

Amene ankalifuna gawo lakeyo analipo. Mlongo wanga wamng'ono amuna ake anamwalira kumusiyira ana atatu, ndipo amakhala m'nyumba ya lendi ku Bangwe, akugulitsa mandasi ndi zitumbuwa. Iye sanatsegule pakamwa pa zokambirana zonsezo. Kwathu kuno mlongo sayankhana ndi achimwene ake pagulu, makamaka achimwene ovala mkanjo ndi chisoti. Ine kukhala chete kwakeko ndinakutenga ngati kuvomera chifukwa kunandikomera kutero.

Mu November 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti. Simenti ndi malata zinakwera mtengo nthawi yomweyo, ndipo K4 miliyoni imene ikanamugulira kapuloti n'kuyambapo maziko inasanduka ndalama ina. Kenaka mu 2024 nyanja inadzaza, kupitirira mamita 476 pa muyezo wa akatswiri a za madzi, mwakuti akuluakulu a m'mudzi ankaiyerekeza ndi ya 1980. Mahotela ndi nyumba zambiri za m'mbali mwa nyanja ku Mangochi zinalowa madzi, ngakhale kuti zitseko za Kamuzu Barrage ku Liwonde zinali zikutulutsa madzi ochuluka. Ndinapitako mwezi wa April. Khonde lija ndinaphunzirirapo alifu linali pansi pa madzi, tiana ta nsomba tikusambira pa sitepe. Khoma la chipinda cha bambo linang'aluka kuchokera pa windo mpaka pansi. Ndinaimirira pamenepo mkanjo nditaukwinya m'manja, ndipo ndikuvomera kuti chimene chinandifikira koyamba sichinali chisoni cha nyumba, koma funso lakuti kodi munthu uja adzaperekabe K32 miliyoni? Apa ndi pamene ndinadziwa kuti mtima wanga sunali woyera monga ndinkauonetsera.

Anabweradi madzi ataphwera pang'ono. Tsopano anati K24 miliyoni, poti malowo afunika kukwezedwa ndi miyala.

Amayi ndi amene anandiitana. Iwo sanapite ku madrasa kupitirira Juzu Amma, koma anandikhazika pa mkeka monga ankachitira ndili mwana. "Iwe, kodi ana aja umawaphunzitsa chiyani za chuma cha masiye?" Ndinayamba kufotokoza, iwo n'kundidula. "Sindikufuna Chiarabu. Mwana wa mlongo wako wabwezedwa ku sukulu kawiri teremu ino. Bambo ako sanapindike msana pa makina zaka zonse zija kuti mileme izigona pabwino mwana wawo akupempha mchere kwa aneba. Ine nyumba ija ndimaikonda kuposa iwe, njerwa zake ndinatungira madzi ndine. Koma limodzi mwa magawo ukuwawerengawo ndi langa, ndipo sunandifunsepo."

Ndinalibe choyankha. Timadzudzula kwambiri pa mimbari anthu olanda chuma cha masiye, amene ngakhale lamulo la boma la 2011 lokhudza chuma cha masiye limawatenga kuti ndi olakwa, ndipo tikamatero timaganiza za amalume obwera ndi lole kudzanyamula mipando. Ine sindinanyamule kanthu. Ndinangokhala pa chitseko ndi kiyi m'thumba.

Tinakumana tonse kumudzi pa Eid ul-Adh-ha ya 2025, achimwene ali pa foni. Tisanayambe tinakaonekera kwa amfumu, pakuti malo a kumudzi sagulitsidwa ngati njinga, ndipo chiyambire malamulo a za malo a 2016 nkhani zotere zimafuna kuyenda poyera ndi mboni. Azakhali, alongo awo a bambo, analankhula mawu amene sindinawaganizirepo pa zaka zonsezi za kutsutsana. Anati nyumba ndi yanu ana inu, koma njira yotsikira ku dooko imadutsa pambali pake, ndipo ndi pamene amayi a m'mudzi amatungira madzi ndi kuchapa, ndi pamene asodzi amakokera makoka ndi kuyanika usipa. Anatiwerengera malo oyandikana nawo amene anagulidwa n'kumangidwa mpanda mpaka m'madzi, mwakuti anthu obadwira pomwepo amazungulira mtunda kuti akaione nyanja yawo. Chifukwa chimenechi chinali cholemera kuposa zanga zonse, ndipo chinachokera kwa mayi wosadziwa kuwerenga.

Nthawi ino ndinayamba ndi kufunsa mlongo wanga wamng'ono, payekha, amayi ali pompo. Anayang'ana pansi nthawi yaitali. Kenaka anati, "Achimwene, ine ndikufuna pogona panga. Mukandikhululukire."

Chimene tinagwirizana ndi ichi. M'Shariya muli lamulo lotchedwa shuf'a, lakuti chinthu chimene sichinagawidwe ngati nyumba, mnzako wa gawo ndiye woyenera kugula gawo lako mlendo asanalowepo. Ine ndi achemwali athu aakulu, amene ndi namwino ku Lilongwe, tikugula gawo la mlongo wathu, ndipo tikuligula pa mtengo woyamba uja wa K4 miliyoni, osati K3 miliyoni. Palibe buku limene landikakamiza kutero, koma kusiyana kwakeko kunabwera ndi kuchedwetsa kwanga. Ngongole ya ku banki ya chiwongola dzanja sitingaitenge. Ndinagulitsa njinga yanga yamoto imene mnyamata wina ankayendetsa kabaza, achemwali anawonjezera zawo, ndipo theka linaperekedwa pamaso pa mboni ziwiri, zonse zitalembedwa. Theka linalo tikupereka mwezi ndi mwezi. Malipiro a mwalimu wa madrasa mukuwadziwa, sindichita kukuuzani.

Magawo awiri a achimwene ndiwo atsala, ndipo iwo sanasinthe maganizo. Sindikuwaimba mlandu, moyo wa ku Joni ndi wa lendi ndi mapepala, ndipo ndi iwo amene alipira mlonda zaka zonsezi. Atipatsa zaka ziwiri. Tikalephera kuwagula, nyumba idzagulitsidwa, ndipo ine ndasaina kale kuti sindidzatsegulanso buku lililonse kuti ndiletse. Chokhacho tinalemba tonse, pamodzi ndi amfumu, ndi chakuti njira ya ku dooko siili pa malonda, aliyense amene angadzagule. Tikudziwa kuti zimenezi zidzatsitsanso mtengo, ndipo achimwene anadandaula pang'ono koma anavomera. Amayi ndi mlongo wanga wapakati anati magawo awo akhale momwemo kaye.

Pakali pano zipinda ziwiri tabwereketsa kwa mphunzitsi wa pa sukulu ya pulayimale yapafupi, ndipo kandalama ka lendi kakupita ku simenti yomatira khoma lija. Mlonda takambirana naye, wasiya. Mlongo wanga wapeza kapuloti cha ku Mpemba, kutali ndi msewu, koma nkake. Sabata yatha ananditumizira chithunzi cha njerwa 3,000 zimene waumbitsa, zitafoleredwa ndi udzu kuopa mvula, n'kundifunsa ngati ndingapite kukamuonetsa kumene kuli Qibla asanakumbe maziko. Ndamuuza kuti, Insha Allah, ndifika Loweruka pa minibasi.