Wa kwa Dómuè afuna kukaphunzira za galimoto ku Germany

Kuseri kwa msika wa ku Ulónguè kuli galaja ina yopanda chikwangwani, ndipo mwini wake ndi mkulu wa imvi amene anthu amangomutcha kuti Mjeremani. Dzinali silinabwere mwangozi. Pa 24 February 1979 boma la Mozambique linasainirana pangano ndi East Germany lotumiza achinyamata kukagwira ntchito ndi kuphunzira luso m'mafakitale, ndipo mkuluyu ali mnyamata anagwera ku Ludwigsfelde, kum'mwera kwa Berlin, kumene ankapanga malole a IFA W50. Amene anakula nthawi ya nkhondo akuwakumbukira malole aja, a phokoso ngati chigayo.

Tsono chaka chino mphwake, mwana wa mlongo wake wa kwa Dómuè, wabwera ndi nkhani yomusowetsa tulo. Mnyamatayu anakulira m'galaja yomweyi akutsuka masipanala ndi kupopa jeke, kenaka anapita ku Maputo nakatenga digiri ya uinjiniya wa makina pa Universidade Eduardo Mondlane. Lero akufuna digiri yachiwiri, ya kapangidwe ka galimoto, ku RWTH Aachen. Kwina kulikonse mkuluyu akanangogwedeza mutu, koma ku Germany!

"A malume, inu munamanga malole ojambulidwa ndi anthu ena. Ine ndifuna ndikaphunzire kujambulako," anatero mnyamatayo tsiku lina akuthira dizilo m'pampu.

Mawuwa anawabaya a malume chifukwa ndi oona. Zaka zonse ku Ludwigsfelde ankamanga mabawuti pamalo amodzimodzi, lole ikadutsa kubwera ina. Luso lenileni lomva matenda a injini ndi khutu analiphunzirira kuno, pa mathirakitala okalamba ndi malole onyamula mbatata ya kachewere kupita ku Tete ndi ku Beira.

Koma chowaopsa si chimenecho ayi. M'chaka cha 1990 mayiko awiri a Germany atagwirizana, kupanga W50 kunatha, fakitale ija pambuyo pake inatengedwa ndi Mercedes-Benz, ndipo anthu a ku Mozambique zikwizikwi anakwezedwa ndege kubwerera kwawo. Gawo la malipiro awo, limene kuyambira 1986 linafika 60 pa 100 iliyonse, linkadulidwa ndi lonjezo lakuti adzalipeza kumudzi. Ambiri a iwo, otchedwa Madgermanes, akhala zaka zambirimbiri akuguba Lachitatu mumzinda wa Maputo kufunsa ndalamazo. Mkuluyu atafika, anapeza abale ake ali ku Dedza ndi ku Ntcheu kothawa nkhondo, ndipo mudzi unayambiranso pambuyo pa mtendere wa pa 4 October 1992. Munthu wotere ukamuuza za Germany amayamba wafunsa kuti pepala likuti chiyani.

Pepala la masiku ano likuti maphunziro a ku Aachen ndi a m'Chingerezi, choncho mwana wa Chipwitikizi ayambe wakhoza mayeso monga a IELTS. Apa kukhala pafupi ndi chipata cha Calómuè kwamuthandiza, poti wailesi za ku Malawi wakula nazo. Fizi yeniyeni palibe, koma kuyambira September 2024 wopempha viza ankayenera kuonetsa 11,904 euro zodyera chaka chimodzi, ndalama zoposa 800,000 meticais. Ng'ombe zonse za m'khola la amayi ake sizingafikepo. Watumiza kalata yopempha thandizo ku DAAD, bungwe la Germany lolipirira ophunzira akunja, ndipo akuyang'ananso ku Brazil kumene kuli PEC-PG ndi chiyankhulo chosavuta.

Funso limene a malume salisiya ndi lakuti akadzabwera adzagwira kuti. Mu 2014 kunamveka mbiri ya Matchedje, galimoto yolumikizidwa konkuno ndi kampani ya ku China, koma ndani anaionapo pa msewu wa ku Tsangano? Zodzaza m'misewu yathu ndi Toyota zakale zochokera ku Japan, ndipo zikafa zimafuna makaniko, osati wojambula. Mnyamatayo amayankha kuti ku migodi ya malasha ku Moatize kuli makina ofuna mainjiniya, ndiponso galimoto zatsopano zadzaza makompyuta oti khutu la a malume silingamve. Pamenepa mkuluyu sayankha, poti mwezi wathawu anabweza galimoto ya mtundu umenewo osaikhudza.

Amayi a mnyamatayo anabwera okha kudzadandaula kwa mlongo wawo. "Achimwene, inu munabwerako. Uyu akakakwatira komweko, munda uwu alime ndani?"

Yankho la DAAD silinafike. Koma Loweruka lapitali mkuluyu anagulitsa giyabokosi imene anaisunga zaka zisanu, napatsa mphwake ndalama ya mayeso a Chingerezi ndi ya basi ya ku Maputo. Anatsegulanso sutikesi yakale natulutsa jekete lolemera limene anabwera nalo mu 1990, lonunkha mankhwala a njenjete.

"Iwe, tayesa ili. Kuzizira kwa kuno mu June usakuyese kanthu."

Jeketelo linamuchepa m'manja.