Ku Chipyela, Kumene Sitima Ziyesa Kuya kwa Nyanja

Inu alimi a kumtunda amene mugula usipa wouma pa msika, kodi munayamba mwaganizapo za kumene ndiwo zanuzo zichokera? Sabata ino tiyeni ku Chipyela pa chilumba cha Likoma, mukaone nyanja ndi anthu amene nchito yao ndiyo kuiyesa.

Mukatsika sitima ya Ilala, mukwera kamtunda pakati pa miyala ndi milambe kufikira pa Chipyela. Dzinali nlakale: pamenepo mpamene ankatentherapo anthu oganiziridwa ufiti. Amishoni a U.M.C.A., amene anakhazikika pa chilumbachi mu 1885, anasankha malo omwewo nayamba kumangapo tchalitchi chachikulu cha Petro Woyera mu 1903. Dothi la pa Likoma nlochepa ndipo minda ya chinangwa njaing'ono. Munda weniweni wa anthu a kuno ndiyo nyanja. Amuna akoka chilimira pa virundu, ndiyo miyala ya pansi pa madzi pamene utaka usonkhana, ndipo mtambo wa nkhungu ukafika kumtunda amai auchingamira ndi malichero.

Kum'mawa muona mapiri a ku Mozambique ali pafupi, koma chakumpoto ndi madzi okhaokha. Kumeneko nyanja ikuya kufikira mamita 700, ndiwo mapazi oposa 2,000. Msodzi wa pa bwato adziwa bwino za pamwamba. Za pansipo zifuna sitima yokhala ndi makina. Ina mwa sitima zotere inali Usipa, imene inayendera nyanja yonse pa nchito yowerenga nsomba za pakati pa nyanja, kuyambira 1991 mpaka 1994. Inanso ndi Ndunduma, imene dziko la Iceland linapatsa Malawi mu 1993.

Moyo wa m'sitima yotere suli ngati wa kumudzi. Muli kapitao, wokonza injini, wophika, anyamata okoka zingwe ndi akatswiri a nsomba, onse m'malo opanikiza. Nchito siileka dzuwa likalowa. Ena akagona, anzao ali maso. Mwera ukabuka nyengo ya chisanu, mbale ya nsima ithawa mwini wake, ndipo ngakhale munthu wa maphunziro ambiri asanza ngati mwana.

Pansi pa sitima pali makina amene aponya liu m'madzi. Liulo likagunda nsomba kapena thope libwerera, monga mau anu abwerera mukafuula pa phiri, ndipo makinawo aonetsa kuya kwa malowo ndi kuchuluka kwa nsomba. Atsitsanso mabotolo pa waya, amene atsekeka pa muyeso umene afuna, kuti atunge madzi a pamenepo okha. Khoka likakwera, nsomba azisankha mitundumitundu, aziyesa utali, aziika pa sikelo, nazing'amba kuti aone chimene zidya. Motero anapeza kuti nsomba zochuluka pakati pa nyanja ndi ndunduma, ndi kuti mphutsi za nkhungu zibisala kozama usana nizikwera usiku, nsomba nkumazidya.

Koma chachikulu chimene anapeza ndi ichi. Kutsika kupitirira mamita 250, m'madzi mulibe mpweya umene nsomba zipumira. Madzi otungidwa kumeneko anunkha ngati dzira loola, ndipo kulibe nsomba ndi imodzi yomwe. Inu mudziwa kuti m'munda chonde chili pamwamba, ndipo mukakumba kwambiri mupeza dothi losabala. Nyanja ili chimodzimodzi. Ioneka yopanda malire, koma nkhokwe yake ya nsomba ili pamwamba pokha ndi m'mbali mosazama.

Mu 1905 anthu a pa Chipyela ankakondwerera tchalitchi chao chatsopano. Zaka 100 pambuyo pake, mu 2005, kumpoto kwa chilumba chao kunaima sitima ya katundu yochedwa Viphya, atamangapo nsanja yoboolera pansi. Pamalopo madzi anali ozama mamita 592. Nangula sakadaigwira, tsono injini ndizo zinkaikankha uku ndi uku usana ndi usiku kuti isasunthe. Anchito analumikiza mipope umodziumodzi kufikira anagunda thope, nabowola mamita ena 380. Thope limenelo lakhala likudikha chaka ndi chaka, lina pamwamba pa linzake, ndipo akatswiri analiwerenga monga inu muwerenga zaka za mtengo pa chitsa. Linawauza mbiri ya zaka zoposa 1,000,000. Linati pakati pa zaka 135,000 ndi 75,000 zapitazo kunagwa zilala zoopsa, madzi natsika mamita oposa 500, nyanja yaikuluyi nisanduka kanyanja.

Kodi zimenezi zikukhudzani bwanji inu a ku Dedza, ku Ntchisi kapena ku Mzimba? Thope la m'nyanja lichokera m'minda yanu. Mukatentha tchire, mukadula mitengo ya m'mbali mwa mtsinje, kapena mukalima mizere yotsetsereka, mvula ikokolola chonde chanu, ndipo Linthipe, Bua ndi Rukuru achitengera ku nyanja. Kumeneko chidetsa madzi ndi kukwirira malo amene nsomba zidyera ndi kuswera. Mwataya kawiri: chimanga m'munda ndi ndiwo m'mbale.

Chifukwa chake limani mizere yopingasa ndi kusunga mitengo ya m'madambo ndi m'mitsinje. Inunso a m'mbali mwa nyanja, musakokere nsomba ndi ukonde wa udzudzu, pakuti upha ndi tiana tomwe. Mlimi wanzeru sadya mbeu. Msodzi wa pa Chipyela ndi mlimi wa kumtunda adyera m'nkhokwe imodzi, ndipo sitima zija zinationetsa pamene nkhokweyo ithera.