Ndimalipidwa Kuti Ndikayikire

Ntchito yanga imayamba mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, m'munda mulibe chobiriwira. Ndine wowerengera pa malo ena ochitirapo kafukufuku wa zaulimi. Sindipanga mbewu, sindithira feteleza, ndipo khasu ndimaligwira kwathu kokha pa tchuthi. Anzanga opanga mbewu ndi odziwa za nthaka ndiwo amabwera ndi mafunso. Kodi chimanga chatsopanochi chimabereka kuposa chakale? Kodi kuthira feteleza kawiri kukuposa kuthira kamodzi? Kodi nandolo wobzalidwa pakati pa chimanga amachepetsa zokolola? Gawo langa ndi kukonza m'mene funsolo likafunsidwire kumunda, ndipo zokolola zikakwera pa sikelo, kunena ngati manambalawo ayankhadi kapena ayi.

Vuto lonse la ntchitoyi lagona pa chinthu chimene mlimi aliyense amachidziwa: munda umodzi womwewo subereka mofanana paliponse. Tengani mbewu ya m'thumba limodzi, mubzale mapuloti khumi oyandikana tsiku limodzi, mupalire ndi kubandira mofanana. Pokolola sikelo idzakupatsani manambala khumi osiyana. Apa panali chulu chimene anachisalaza kalekale ndipo chonde chake chikadalipo. Apo madzi amadikha mvula ikachuluka. Uko kunamera kaufiti, ndipo pakona paja mbewa zinafukula mapando angapo. Tsono mukabzala mbewu ziwiri, ina n'kuposa inzake ndi matumba awiri pa hekitala, mudziwa bwanji kuti chapambana ndi mbewu, osati chulu?

Chida changa choyamba ndi maere. Mbewu iliyonse imabzalidwa m'mapuloti angapo, ndipo puloti yoti ipitemo sasankha munthu. Kale akuluakulu athu ankalemba mayina a mbewu pa timapepala n'kutola m'chipewa, kapena ankatsegula mabuku a manambala osakanizika. Lero kompyuta imachita zimenezi m'kanthawi kochepa. Munthu amene wavutika zaka zambiri ndi mbewu yake, ngakhale atakhala wachilungamo chotani, dzanja lake limakokera ku nthaka yakuda ya m'mbali mwa msewu, kumene alendo adzaime pa tsiku lachionetsero. Maere sadziwa kumene kuli msewu. Munda ukakhala wotsetsereka timaugawa m'mabuloko, kumtunda, pakati ndi kumunsi, mbewu zonse n'kupezeka m'buloko iliyonse, maere n'kuchitikira m'kati mwa bulokomo. Mizere timaitalikitsa masentimita 75, mapando masentimita 25, mbewu imodzi pa phando. Pokolola mizere ya m'mphepete mwa puloti sitiiwerengera, chifukwa imadya nawo chakudya ndi dzuwa la puloti yoyandikana.

Zokolola zikafika, ndimayamba ndi ganizo limene palibe mnzanga amalikonda: loti mbewu ziwirizo n'zofanana, ndipo kusiyana konse kumene sikelo yaonetsa kwabwera ndi nthaka, mbewa ndi mvula. Mu ofesi timalitcha null hypothesis. Sikuti ndimalikhulupirira. Ndimaliimika chifukwa ndi ganizo lokhalo limene ndingathe kuwerengera zotsatira zake.

Tinene kuti tili ndi mabuloko khumi, m'buloko iliyonse muli mbewu yatsopano ndi yakale. Ngati n'zofananadi, m'buloko iliyonse mwayi wopambana ndi theka kwa iyi, theka kwa iyo. Mabuloko khumi angathe kugwa m'njira 1,024, ndiko kuchulukitsa 2 kakhumi. Mwa njira zonsezo, imodzi yokha ndiyo imapatsa mbewu yatsopano mabuloko onse khumi, ndipo njira 10 zimaipatsa mabuloko 9. Zonse pamodzi 11. Popeza tisanabzale sitinadziwe mbali imene idzapambane, timawerengeranso njira 11 zimene yakale ikanapambana chimodzimodzi. Ndiye kuti mbewu yatsopano ikapambana m'mabuloko 9, zotere kapena zoposa apa zikanachitika mwamwayi chabe m'njira 22 mwa 1,024, pafupifupi kawiri pa 100. Nambala imeneyi ndiyo p-value. Ikachepa chonchi ndimanena kuti ganizo loti n'zofanana landivuta kulisunga, ndipo ndimalitaya.

Tsono tachotsanipo buloko imodzi yokha, mbewu yatsopano ipambane m'mabuloko 8. Kwa munthu woima m'munda, 8 mwa 10 ndi chipambano choonekeratu. Koma njira zopezera 8 kapena kuposa, mbali zonse ziwiri, zilipo 112 mwa 1,024, pafupifupi 11 pa 100. Mwayi wokha ukhoza kuchita zimenezo kamodzi pa maulendo 9 alionse. Apa ndi pamene ubale wanga ndi opanga mbewu umayesedwa.

"Achimwene, musandizunguze mutu ndi manambala," amatero. "Yapambana kapena sinapambane?"

"Bambo, mwina yapambana. Koma munda uno sunationetse mokwanira."

Amatuluka akupukusa mutu, ndipo sindiwaimba mlandu.

Kaganizidwe kameneka kanakulira m'minda momwemo. Ronald Fisher anayamba ntchito mu 1919 pa Rothamsted, malo a kafukufuku wa zaulimi ku England, kumene munda wina wa tirigu wotchedwa Broadbalk wakhala ukuyezedwa chiyambire 1843. Anapeza mulu wa manambala a zaka zambirimbiri, ndipo m'mene ankalimbana nawo ndi m'mene anakhazikitsira zogawa mapuloti mwa maere. Nkhani yake yodziwika kwambiri komabe ndi ya tiyi. Mayi wina wasayansi pamalopo, Muriel Bristol, ananena kuti akalawa amadziwa ngati m'kapu munayamba kuthiridwa mkaka kapena tiyi. M'buku lake la 1935, The Design of Experiments, Fisher anafotokoza m'mene zotere zingayesedwere: makapu 8, anayi oyamba mkaka, anayi oyamba tiyi, operekedwa mosakaniza. Njira zosankhira makapu anayi mwa 8 zilipo 70, yolondola ndi imodzi. Wongolota angapeze onse anayi kamodzi pa 70. Koma kupeza atatu kapena kuposa kungachitike m'njira 17 mwa 70, pafupifupi kamodzi pa kanayi, ndiye wopeza atatu sanatsimikize kanthu. Chimene chimandisangalatsa pa nkhaniyi ndi chakuti chiwerengero cha makapu chinaganiziridwa munthu asanalawe. Akanati makapu akhale anayi okha, awiri ndi awiri, njira zikanakhala 6, ndipo ngakhale mayiyo akanalondola onse sakanakhutiritsa aliyense.

Malire a p-value amene ambiri timagwiritsa ntchito ndi 0.05, kamodzi pa 20. Fisher yemweyo ndiye anawatchukitsa m'buku lake la 1925, ndipo anawatenga ngati malire osavuta kugwira nawo ntchito basi. Chilengedwe sichiwadziwa. Pakati pa 0.049 ndi 0.051 palibe chimene chasintha m'munda, koma ndaonapo anthu akukondwera ndi yoyambayo n'kukhumudwa ndi yachiwiriyo. Ndipo nambalayi imanamiziridwa zambiri. P-value ya 0.02 sitanthauza kuti pali mwayi wa 98 pa 100 woti mbewu yatsopano ndi yabwino. Imangonena kuti, zikanakhala kuti mbewuzo n'zofanana, kusiyana kotere kapena koposa apa kukanaoneka kawiri pa 100. Ziganizo ziwirizi zimamveka ngati chimodzi koma si chimodzi, ndipo mu 2016 bungwe la American Statistical Association linachita kutulutsa chikalata chochenjeza asayansi za chisokonezo chomwechi.

Kulakwa pa ntchito yathu kuli pawiri, monga anakuyalira Jerzy Neyman ndi Egon Pearson mu 1933. Ndikhoza kunena kuti pali kusiyana pamene palibe, mlimi n'kugulitsa mbuzi kuti agule mbewu yosaposa imene ali nayo kale. Malire a 0.05 amateteza ku zimenezi. Koma ndikhozanso kulephera kuona kusiyana kumene kulipodi, mbewu yabwino n'kuiwalika m'kabati. Kulakwa kwachiwiriku sikutchulidwa kawirikawiri, chifukwa palibe amene amadandaula za mbewu imene sanaionepo. Kafukufuku wa mapuloti ochepa ali ngati ukonde wa maso akuluakulu: chambo ugwira, koma usipa umangodutsa, ndipo msodzi akavuula ukonde wopanda kanthu sanganene kuti m'nyanja mulibe usipa. N'chifukwa chake sindilola kuti mu lipoti mulembedwe kuti "mbewuzi n'zofanana". Ndimalemba kuti sitinapeze umboni wokwanira woti n'zosiyana, n'kuonjezera kukula kwa kusiyana kumene kafukufukuyo akanatha kukugwira. Kuchepetsa maso a ukondewo n'kodula. Kuti kusatsimikizika kwa avereji kutsike ndi theka, mapuloti ayenera kuchuluka kanayi, ndipo puloti iliyonse ndi feteleza, aganyu ndi mlonda.

Kuwerenga mabuloko opambana ndakusankha chifukwa munthu angathe kukutsatira ndi pensulo. Pa ntchito yeniyeni sitifunsa kokha kuti yapambana iti, timafunsanso kuti yapambana ndi makilogalamu angati, n'kuyerekeza kusiyanako ndi m'mene mapuloti a mbewu imodzimodzi akusiyanirana okhaokha. Njira yochitira zimenezi ndi manambala ochepa anaitulukira William Gosset, amene ankagwira ntchito pa kampani yofulula mowa ya Guinness ku Dublin, ndipo anaisindikiza mu 1908 pa dzina loti Student. Timaitcha t-test. Mbewu zikaposa ziwiri timagwiritsa ANOVA ya Fisher. Zonsezi pulogalamu ya GenStat, imene inabadwira ku Rothamsted konko, kapena ya R, imazimaliza ndisanamwe n'komwe tiyi.

Nthawi yanga yambiri imathera pa buku la kumunda, lolembedwa pamanja, nthawi zina lonyowa ndi mvula. Penapake 4.5 walembedwa 45. Penapake chimanga anachiyeza chisanaume, ndiye sikelo inayeza madzi. Ife timabweza zonse pa chinyezi cha 12.5 peresenti kuti zifanane. Chovuta kwambiri ndi ziro. Puloti ya m'mbali mwa njira anthu akathyolamo mondokwa usiku, wolemba wina amaika 0, ndipo kompyuta imakhulupirira kuti mbewuyo sinabereke kanthu. Puloti yobedwa ndi yosowa, si yolephera, ndipo pali njira yake yowerengera. Choncho ndisanatsegule kompyuta ndimapita kukakhala pansi ndi anyamata ndi atsikana amene anagwira sikelo. Iwo ndi amene amakumbukira kuti puloti yakuti inalowa ng'ombe.

Pali chinyengo china chimene munthu amachita osanama ngakhale nambala imodzi. Mukayeza zinthu 20 zosadalirana pa mbewu ziwiri zofanana ndendende, kutalika kwa phesi, tsiku lomasula ngayaye, kulemera kwa chitsononkho ndi zina zotero, mwayi woti chimodzi mwa izo chitsike pansi pa 0.05 ndi pafupifupi 64 pa 100. Ndiye wofuna nkhani yabwino amangoyeza zambiri, n'kulengeza chimodzi chimene chatuluka. Bambo wina wa pulojekiti inayake anandipempha kuti ndichotse buloko ya kumunsi chifukwa "ikusokoneza zotsatira". Ndinawafunsa ngati akanaichotsa ikanakhala kuti ikukomera pulojekiti yawo. Sanayankhe, ndipo buloko inakhala. Mankhwala a matenda amenewa ndi kulemba funso lalikulu ndi njira yoliyezera mbewu isanalowe m'nthaka, n'kusainirana.

Ngakhale zonse zitayenda bwino, p-value yaing'ono sinena kuti kusiyanako n'kwakukulu. Mutabzala mapuloti mazanamazana mukhoza kutsimikiza kuti mbewu ina imaposa inzake ndi theka la thumba pa hekitala, koma theka la thumba silingabweze mtengo wa mbewu yogula chaka ndi chaka. N'chifukwa chake mu lipoti ndimaika patsogolo kukula kwa kusiyanako pamodzi ndi malire ake, kuti mwina ndi matumba awiri, mwina mpaka asanu ndi limodzi, p-value n'kubwera pambuyo. Alangizi akaona matumba amadziwa chokauza alimi.

Komanso mayeso amayankha chokhacho chimene chinakwera pa sikelo. Kwa zaka zambiri chimanga cha haibulidi chinkaposa cha makolo pa zokolola, manambala osakayikitsa, koma mabanja ambiri m'Malawi ankachilima chogulitsa basi, chakudya n'kumasunga cha makolo. Amayi ankadziwa chifukwa chake. Njere za haibulidi wa nthawi imeneyo zinali zofewa, pokonola zinkaphwanyika n'kuthera ku gaga, ndipo m'nkhokwe anankafumbwe sankachedwa nazo. Zinthu zinasintha pamene akatswiri a ku Chitedze anatulutsa MH17 ndi MH18 mu 1990, mitundu ya njere zolimbirapo zokonoleka bwino. Sikelo ya kumunda sinaname, koma funso limene amayi ankafunsa linali lina: mu mtondo mutsala mphale yochuluka bwanji?

Funso limenelo nalonso limayezeka, ndipo ndi kafukufuku amene ndimakonda kumukonza. Amayi sakonola mofanana, wina dzanja lake ndi lolemera, wina amawaza madzi ambiri, choncho mayi aliyense amakhala buloko payekha. Amalandira makilogalamu ofanana a mbewu iliyonse, m'timatumba tolembedwa manambala m'malo mwa mayina, kuti asadziwe chimene ndi cha makolo. Choyamba kukonola n'chiti timachita maere, popeza pofika mtondo wachinayi mikono imakhala yatopa. Akapeta, timayeza mphale payokha, gaga payekha.