Kabokosi kolendewera pansi pa dashibodi

Magalimoto ambiri a ku America a m'ma 1950 ndi 1960 ankatuluka m'fakitale opanda eyakoni. Mwini wake kutentha kukamukwana, ankakamangitsa kabokosi ka eyakoni pansi pa dashibodi, kokhala ndi timazenera totulukira mphepo ndi timabatani topotokola. Ambiri mwa mabokosiwa ankachokera ku Texas, ndipo ndi dzuwa la kumeneko n'zosadabwitsa: Mark IV ndi Frigiking a ku Dallas, komanso ARA. Sitolo ya Sears inkagulitsa ake pa dzina la Allstate.

Dzina la wopanga bokosi likafufutika kutsogolo, gonani chagada ndi tochi, mufunefune kachitsulo kolembedwa m'mbali kapena kumbuyo kwa bokosilo. Kenako tsegulani boneti muone kompresa ya eyakoniyo. Kompresa ya York ndi ya Tecumseh zimafanana ngati mapasa, zonse zoimirira, zamakona anayi. Gunditsani maginito. Pa Tecumseh amamata chifukwa ndi yachitsulo, pa York amagwa poti ndi ya aluminiyamu.

Koma abale, si bokosi lililonse lolendewera lomwe ndi lochita kuwonjezera. Pa Mustang ya 1965 ndi 1966, ngakhale eyakoni ya Ford eni ake inkalendewera chomwecho. Inadzalowa m'kati mwa dashibodi mu 1967.