ULENDO WANGA WA KU CAPE TOWN

 Mwezi watha ndinalandira masiku opumula, ndipo m'malo mokhala m'komponi kusewera bawo, ndinakwera basi kupita ku Cape Town, ulendo wa mamailosi oposa 850 kucokera ku Joni. Usiku wonse tinayenda m'dziko louma la Karoo, ndipo kutaca tinatsika mapiri ndi kuona minda ya mphesa, kenaka phiri lija la Table Mountain, lathyathyathya pamwamba.

Ndiyambe ndakuuzani cimene cinanditengera kumeneko. Agogo anga aamuna anacoka kwathu ku Dedza atate anga ali khanda. Analemba makalata awiri ali ku mgodi, kenaka zii. Mbiri inamveka yakuti anapitirira mpaka ku Cape Town, ndipo kumudzi akamawerenga machona amayambira iwo. Sindinayembekeze kuwapeza, pakuti zaka zapita zambiri, koma ndinafuna kuona ndi maso anga mudzi umene unawameza.

Amene anandilandira ndi mnyamata wa kwathu wogwira nchito yosamala maluwa. M'mawa mwace anati, "Acimwene, musathamangire ku nyanja monga acita alendo onse. Tiyeni ndikakuonetseni mtsinje." Nditauona ndinaseka, pakuti Linthipe wa kwathu angaumeze osakhuta. Dzina lace ndi Liesbeek, ndipo kutalika kwace sikukwana mamailosi 6. Ucokera m'phiri kumtunda kwa Kirstenbosch, nudutsa ku Newlands, Rondebosch ndi Mowbray, pena m'ngalande ya simenti, mpaka ukakomana ndi Black River.

Koma kamtsinje aka ndiko kanali malire oyamba pakati pa Azungu ndi eni dziko. M'caka ca 1652 Jan van Riebeeck anafika atatumidwa ndi kampani ya ku Holland kuti alime ndiwo ndi kugula ng'ombe zodyetsa anthu a m'zombo zopita kum'mawa. Eni dziko anali Akhoi, anthu oweta ng'ombe ndi nkhosa, amene caka ndi caka ankabwera kudzadyetsa zoweta zao m'dambo la mtsinjewu. M'caka ca 1657 kampani inamasula anchito ace 9 ndi kuwapatsa minda m'mbali mwa Liesbeek. Akhoi pobwera anapeza busa lao lalimidwa, ndipo mu 1659 nkhondo inabuka, wotsogolera wao ali Doman. Itatha nkhondoyo, mu 1660, Van Riebeeck anabzala mpanda wa mitengo ndi minga kuti ng'ombe zisadutse. Mbali yina ya mpandawo ikalipo ku Kirstenbosch. Ndinaigwira ndi manja mitengo yace yopiringizana, ndipo ndinakumbuka milandu ya malire a minda imene mafumu athu amaweruza pa bwalo.

Kucoka apo tinalowa m'tauni kukaona linga lochedwa Castle of Good Hope, limene linamangidwa kuyambira 1666 mpaka 1679. Liri ndi ngondya zisanu, ndipo makoma ace amwala ndi ocindikala ndithu. M'katimo muli mfuti zakale, zobvala za asilikali ndi mipando ya mabwana a nthawi imeneyo. Wotionetsa malo anatilowetsa m'kacipinda ka akaidi natseka citseko. Alendo ena anakuwa, koma ine mdima wotere ndinauzolowera pansi pa mgodi; cimene cinandiwawa ndi kuganiza kuti munthu ankakhalamo wopanda nyali pa cipewa ndi wopanda ola loweruka. Cetshwayo, mfumu ya Azulu, anasungidwanso m'lingali atagonja pa nkhondo ya 1879. Tikuturuka, mfuti yaikuru inalira pa phiri la Signal Hill. Ine ndinadzidzimuka, kuyesa aphulitsa mwala osaticenjeza, ndipo mnzanga anafa nazo nseko nati imeneyo imalira 12 koloko masana kuuza anthu nthawi.

Malo amene sindidzaiwala ndi nyumba yochedwa Slave Lodge, kumtunda kwa mseu wa Adderley. Kuyambira 1679 mpaka 1811 kampani inkagonekamo akapolo ace. Pambuyo pace inasanduka bwalo lalikuru la milandu, ndipo tsopano ndi nyumba yosungiramo zakale. Minda ija ya ku Liesbeek inafuna manja, kotero kuyambira 1658 zombo zinayamba kutula akapolo. Onse pamodzi anaposa 60,000, ocokera ku Madagascar, India, zisumbu za Indonesia ndi ku Mozambique.

M'menemo ndinamva za combo ca Apwitikizi cochedwa São José. Cinanyamuka ku cisumbu ca Mozambique mu December 1794 ndi akapolo oposa 500, kupita nao ku Brazil. Pa 27 December cinagunda miyala pafupi ndi gombe la Clifton, kumene lero olemera amasambira. Anthu oposa 200 anamira, ndipo amene anapulumuka anagulitsidwa ku Cape komweko. Zotsala za comboco zinadziwika poyera mu 1915 ayi, koma posacedwa pomwepa, mu 2015, ndipo pakati pace panali zitsulo zolemera zimene ankaika pansi pa combo conyamula anthu. Inu anzanga a ku Tete ndi a ku Niassa, amenewo anali anthu a mbali ya kwathu, ndipo njira za malonda zopita ku gombe limenelo zinkafika mpaka kufupi ndi nyanja yathu.

Kuseri kwa nyumbayo kuli bwalo la Church Square, kumene anaika miyala yakuda 11 mu 2008, ndipo pa ina analembapo maina a akapolo. Ndinawerenga mmodzi mmodzi, koma dzina lonena mfunda wa munthu kapena mudzi wace sindinaliona. Wogula ndiye ankapereka dzina. Ena ankachedwa ndi mwezi, monga January, April kapena September, ndipo mpaka lero ku Cape kuli mabanja a maina amenewa. Ena ankangowonjezera mau akuti "van Mozambique", ndiko kuti wocokera ku Mozambique. Ukapolo unathetsedwa pa 1 December 1834, koma anthuwo anaumirizidwa kugwirabe nchito kwa ambuye ao mpaka 1838, ndipo pamenepo njira ya kwao inali itazimirira kale.

Madzulo tinatsikira ku doko. Kumeneko mnzanga anandikumbutsa za Clements Kadalie, Mtonga wa ku Nkhata Bay wophunzira ku Livingstonia, amene anafika ku Cape Town mu 1918, ndipo mu 1919 anayambitsa bungwe la anchito la I.C.U. pakati pa onyamula katundu pa dokolo. Iye anamwalira ku East London mu 1951, kutali ndi kwao, koma dzina lace ndi mudzi wace zidziwika mpaka lero.

Agogo anga sindinawapeze, ngakhale manda ao. Koma nditakhala pansi m'munda wakale wa kampani, umene tsopano ndi malo opumulirako, ndinaganiza cinthu cimodzi. Anthu a pa miyala ija analandidwa maina ndi unyolo, osafuna. Ife tinabwera ndi miyendo yathu, ndipo ngakhale ku mgodi atidziwa ndi nambala, dzina ndi mudzi tiri nazo. Cimene cimasandutsa munthu mchona ndi kukhala cete: mwezi umodzi manyazi cifukwa ndalama zacepa, mwezi wina ulesi, mpaka zaka zatha. Ine ndemwe ndinali nditatha miyezi inai osalankhula ndi amai. Usiku womwewo ndinawaimbira lamya, ndipo anayamba ndi kundikalipira, kenaka analira.

Tsono abale, mukapeza masiku, pitani mukaone malo amenewa. Tengani jekete, pakuti mphepo ya ku Cape ndi yaukali ngakhale dzuwa liwale. Koma musanagule tikiti, tumizani mau kumudzi, ngakhale ndalama palibe. Akuru anati kwanu nkwanu, mthengo mudalaka njoka. Tsalani bwino.