Za Chipere cha Agogo

Mwezi uno tifuna kukamba nanu za kanthu kakang'ono ka pamoto, kamene kanatichititsa manyazi m'nyumba mwathu.

M'mwezi wa June, pamene chisanu cha kuno ku Bembeke chimalowa mpaka m'mafupa, amayi athu otibala anadwala chifuwa. Mano anawathera kale, ndipo matendawo anawalanda chilakolako cha chakudya. Tinapha nkhuku, iwo anangolawa msuzi. Tinagula usipa, iwo anakankha mbale. Tsiku lachinayi anati: "Ana inu, mukadandiphikira chipere." Pamenepo tinayang'anana, pakuti mwa ana athu aakazi atatu panalibe ndi mmodzi yemwe wodziwa kaphikidwe kake. Choposa apo, nyemba zathu tinali titagulitsa kwa ogula a pamsewu, kutsala za mbewu zokha.

Tsono tinakapempha mbale imodzi ya nyemba kwa anansi, ndipo agogowo, ali chigonere pamphasa, anasanduka mphunzitsi wa adzukulu awo. Anawauza kusankha nyemba m'lichero, kutaya timiyala ndi zofumbwa, ndi kuziviika m'madzi usiku wonse. M'mawa khungu lake linali litafewa, ndipo anawo anakhala pansi kuzifikisa m'manja, kufikira makoko onse anayandama pamwamba pa madzi. Iyi ndiyo ntchito yotopetsa, imene ambiri aleka nayo chipere. Koma nyemba zosenda sizichedwa kupsa, kotero nkhuni sizitha zambiri. Zitapsa ndithu, anathira mchere, nazitakasa ndi mthiko mpaka zinasalala ngati phala. Pambali anakazinga anyezi ndi tomato m'timafuta pang'ono, nathiramo nyembazo, navundula kuti zisapserere. Agogo anati kale, mafuta akasowa, ankathira nsinjiro, ndipo ndiwo zinkakoma chimodzimodzi.

Madzulo ake anadya nsima theka la mtanda, ndipo m'mawa mwake anapempha chotsala. Sitinena kuti chipere ndi mankhwala, pakuti mankhwala anapatsidwa kuchipatala. Koma wodwala wosadya sapeza mphamvu zochirira.

Kodi nchifukwa ninji timanyoza nyemba, ndi kuzitcha ndiwo za amphawi kapena za ana a sukulu yogonera komweko? Mbewu imeneyi inachokera kutali, ku America, ndipo inafika kuno ku Africa pambuyo pa chaka cha 1500, m'zombo za amalonda. Ku Mexico, kumene ndi kwao kwa nyemba, anthu amaziphika, kuziphwanya ndi kuzikazinga m'mafuta, monga tichitira ndi chipere, ngakhale iwo sachotsa makoko. Amazitcha frijoles refritos, ndipo sachita nazo manyazi pamaso pa mlendo. Ife a kumapiri a Dedza tili ndi nthaka ndi mphepo yozizira imene nanyati ndi kholophethe zimakonda. Timazibzala pakati pa chimanga, nizilemeretsa nthaka yomweyo. M'thupi zimagwira ntchito yofanana ndi ya nyama, yokulitsa mwana ndi kubwezera mphamvu wodwala. Zosenda ndi zotakasa, nkhalamba yopanda mano imadya, ndi mwana wongoyamba kulawa nsima adyanso.

Chifukwa chake tikupemphani zinthu ziwiri, zimene ife taphunzira mochedwa. Choyamba, inu abambo, ogula akafika ndi sikelo zao, yambani mwapatula nyemba za pakhomo zokwanira kufika nyengo ya dzinja, ndi kuzisunga pouma kuti anankafumbwe asalowe. Ndalama ya June sichedwa kutha, ndipo mu Januwale mudzagula nyemba zomwezo pamtengo wowawa. Chachiwiri, inu amayi, khazikani ana anu pafupi ndi agogo ao akali moyo, anyamata ndi atsikana omwe, kuti aone ndi maso kaphikidwe ka makolo. Mau a akulu akoma akagonera, koma akuluwo sakhala nafe masiku onse.

Agogo athu tsopano ayamba kuothera dzuwa pakhonde. Lachisanu lililonse mdzukulu wao wamng'ono ndiye atakasa chipere, ndipo iwo akalawa amangodandaula za mchere.

Tsalani bwino m'mabanja mwanu monse.